Wobwera ndi Wobwerera

Achemwali anga sanandiitane chifukwa chondisowa. Anandiitanira chimbudzi.

Nkhani yake inali yotere. Bambo athu asanamwalire analembetsa poloti yathu m'maina a ana awo awiri, achemwaliwo ndi ine. Ine ndinachoka ndili mnyamata, ndikuti ndikaphunzira zaka zitatu basi, ndipo zitatuzo zinaswana mpaka kukwana makumi atatu ndi zitatu. Achemwali anatsala, n'kuika maliro onse okha: a bambo, a mayi, ndi a amuna awo. Tsono chaka chino mabwana a ku ofesi ya dera lathu, atatopa ndi kukhala, analamula kuti mapoloti onse alembetsedwenso pofika Lachisanu lomaliza la mwezi. Mwini aliyense aonekere yekha ndi nkhope yake, atsimikize kuti ndi mbadwa ya deralo. Wolephera, gawo lake libwerera ku ofesi, ndipo ofesi ilipereka kwa wina.

Oyeza malo anabwera ndi chingwe chawo n'kudula poloti pakatikati. Nyumba inagwera ku theka la achemwali. Ku theka langa kunagwera mpopi, waya woyanikapo zovala, ndi chimbudzi.

"Ukapanda kubwera," anatero achemwali pa foni, "uyambiretu kuganiza kumene ine ndizipita m'mawa uliwonse. Ndadutsa sikisite ine, mawondo anga anaiwala kuthamanga."

Ndinafika Lamlungu, Lachisanu lija likundisuzumira kale.

Dera lathu lili kumapeto kwa likulu, kumene basi imatembenukira. Kale mzinda tinkauonera patali, titakwera pa chulu cha kuseri kwa sukulu. Tsopano mzindawo unabwera wokha, osagogoda, n'kukhala pa mpando wa eni nyumba. Padambo pamene tinkasambira pali potsukira magalimoto. Mzere wa mitengo ya bulugamu anaudula, m'malo mwake muli timashopu makumi awiri, tonse togulitsa zikwama za mafoni, ngati kuti vuto lalikulu la anthu a m'badwo uno ndi mafoni ozizidwa. Pabwalo la mpira pali matchalitchi atatu, lililonse ndi chimkuzamawu chake, kulimbirana Mulungu mmodzi monga tinkalimbiranira mpira umodzi. Msewu uliwonse anaupatsa chikwangwani cha dzina, koma ukafunsa njira amakuuza kuti ukhotere pamene panali chigayo, chigayo chimene chinagwetsedwa wokuuzayo asanabadwe.

Nyumba imodzi yokha ndiyo sinasinthe: ofesi ya dera, yachikasu, ya makwerero anayi. Ndipo ndi nyumba yokhayo imene ndinkalakalaka akanaigwetsa.

Tsiku lotsegulira ofesiyo ndinali ndi zaka khumi. Aphunzitsi anandisankha kuti ndiwerenge mawu olandirira bwana wamkulu wochokera mumzinda, chifukwa m'kalasi monse ndine ndekha ndinkawerenga osaloza ndi chala. Tinaima padzuwa kuyambira m'mawa. Magalimoto a alendo atafika anautsa fumbi, ndipo ine ndi fumbi sitimwerana madzi. Ndinangowerenga mawu atatu n'kuyetsemula. Kuyetsemula kwanga n'kwa mtundu wake: katatu motsatizana, kachitatuko kumathera ndi kalikhweru. Kalikhweruko katatha, pamphuno panga panatupa chithovu chachikulu ngati babu lamagetsi, ndipo chinakhazikika pamenepo chikunyezimira, bwana wamkulu akuchiyang'ana, lumo lodulira riboni lili m'manja. Mnzanga wa pa desiki imodzi, amene tinkamutcha Makutu chifukwa cha zimene Mulungu anamupatsa mowolowa manja, anafuula kuchokera pamzere: "Mamina!"

Dzina limene bambo anandisankhira linafera pomwepo. Zaka khumi ndi zinayi ndinali Mamina: kusukulu, kumsika, ngakhale kwa mtsikana amene ndinamulembera makalata asanu ndi awiri. Anthu amachoka kwawo chifukwa cha njala, nkhondo kapena maphunziro. Ine ndimauza anthu kuti anali maphunziro.

Lolemba m'mawa tinapita ku ofesiko, achemwali patsogolo ndi ambulera yawo. Fomu inkafuna zithunzi ziwiri. Pageti panali wojambula, mkulu wowonda wa ndevu zotuwa, amene anakoleka nsalu yabuluu pampanda kuti izikhala kumbuyo kwa ojambulidwa. Dzuwa linali loswa mtengo, koma iye anavala chipewa chaubweya chokokera mpaka m'khosi. Achemwali analowa kukagwira malo pamzere. Wojambulayo atandiona anaima, kamera ili pachifuwa, n'kundiyang'ana nthawi yaitali, milomo ikufuna kumwetulira.

"Achimwene, tafulumirani," ndinatero. "Ndili ndi zambiri zochita. Ndipo nsalu yanuyi muziichapako."

Kumwetulira kuja kunabwerera kumene kunachokera.

"Chabwino, bwana. Dzutsani chibwano, bwana. Musapume, bwana."

M'katimo mazenera anali anayi. Pa loyamba panalembedwa kuti tifunse pa lachiwiri. Pa lachiwiri panali maluwa apulasitiki. Pa lachinayi panali jekete yokolekedwa pampando, imene achemwali anati yakhala ikugwira ntchito pamenepo zaka zisanu ndi chimodzi ndipo inakwezedwapo kale kawiri. Dera lonse, ndi maliro ake, maukwati ake ndi mikangano ya mipanda, linkadutsira pa zenera lachitatu, pa kabowo kagalasi kongokwana zala zinayi.

Kuseri kwa kabowoko kunali kalaliki, mtsikana wa magalasi ndi zikhadabo zofiira, wosafulumira ndiponso wosakwiya. Tinamufikira titakhala pa benchi maola atatu.

"Mwaswera bwanji, bambo? Mbadwa kapena wobwera?"

"Mbadwa," ndinatero, ndikukankhira pasipoti pakabowo. Ndikanalekera pomwepo. Koma msana unkandiwawa, ndipo msana ukawawa lilime limadziyesa nduna. "Koma mwana wanga, maola atatu chifukwa cha pepala limodzi? Kwathu zoterezi timangochita pa kompyuta, tili pabedi."

Cholembera chinaima.

"Kwanu kuti, bambo?"

Achemwali anandiponda phazi, koma madzi anali atatayika kale.

"Ndikutanthauza kumene ndimakhala."

"Eya. Ndiye kwanu kumeneko." Anachonga bokosi lachiwiri mwaulemu wonse. "Wobwera."

"Iyayi, mwana wanga, fufutani. Ine ndinabadwira kuno, kuseri kwa pamene panali chigayo. Sindine wobwera. Ndine wobwerera."

"Si chimodzimodzi?"

"Si chimodzimodzi ngakhale pang'ono. Wobwera wachoka kwawo, wobwerera wafika kwawo. Pali 're' pakatipo, ndipo pa 're' ameneyo pagona moyo wonse wa munthu."

Anatembenuza fomu, anayang'ana kumbuyo kwake, n'kuibwezanso.

"Pa fomu pano palibe bokosi la 're', bambo."

"Apatseni 're' wawoyo tizipita ife!" anafuula mkulu wina wa pa benchi, wonyamula mafailo m'jumbo. Benchi yonse inagwedezeka ndi kuseka, mpaka jekete ya pa zenera lachinayi inaoneka ngati yanjenjemera mapewa.

Ndinapempha kuti atsegule buku la obadwa la chaka changa. Kalaliki anati mabuku a zaka zimenezo anadyedwa ndi chiswe. Ndinati ndiye kuti chiswecho ndicho mbadwa zenizeni, popeza mbiri ya tonsefe ili m'mimba mwake. Sanaseke. Anandifotokozera kuti njira yatsala imodzi: ndibwere ndi mboni, wosakhala wachibale, amene wakhala m'deramo zaka makumi anayi ndipo anandidziwa ndili mwana. Mboniyo ikavomera, afufuta.

"Koma Lachisanu zenera timatseka thwelofu koloko, bambo. Wotsatira!"

Panjira achemwali anayenda patsogolo mpaka tinadutsa matchalitchi onse atatu.

"Kwathu," anatero pomaliza, akukoka mawuwo ngati labala. "Kwathu timachita tili pabedi. Ndiye chimbudzi changa uchitumize pa kompyuta, ndizichigwiritsa ntchito ndili pabedi."

Masiku atatu ndinasaka munthu wondidziwa. Ndinkaganiza kuti n'zosavuta: munthu sungakhale malo zaka makumi awiri ndi zinayi osasiyapo chizindikiro. Aphunzitsi amene anandisankha aja anamwalira. Telala wa pakona anapita kwa ana ake, pamalo pake pali saluni. Mtsikana wa makalata asanu ndi awiri uja anakwatiwa kutali, ndipo ndinathokoza. Wometa amene ndinamuyesa wakalekale, chifukwa cha dazi lake, anati wangotha zaka zisanu m'deramo, n'kundifunsa ngati ndikufuna nyumba ya lendi. Mayi wina wokalamba wa kuseri kwa msika anandigwira kumaso ndi manja onse awiri n'kulira kuti wandizindikira. Mdzukulu wake anandinong'oneza kuti amazindikira aliyense, dzana anazindikira wowerenga mita ya madzi kuti ndi mwana wake woyamba.

Ana a m'makwalala anali atandipatsa kale dzina: abwana obwera aja.

Lachinayi madzulo ndinakhala pakhonde, nsapato zili pambali, ndikuyang'ana theka langa. Kunena zoona si malo oti munthu n'kulembera ndakatulo: kanyumba ka njerwa kopendekeka pang'ono, chitseko chamalata, loko wamkuwa. Koma mpopi uja ndi womwe mayi ankanditsukirapo kumaso mwaukali m'mawa uliwonse, ndipo pa khoma la kanyumbako, ukayang'anitsitsa, pakadali zilembo zimene ndinakanda ndi msomali tsiku limene ndinaphunzira kulemba. Dera lonse lagulitsidwa, lamatidwa simenti, lapakidwa penti ya makampani a mafoni, ndipo cholembedwa changa choyamba chasungidwa ndi chimbudzi.

Achemwali anatuluka ndi beseni la zovala.

"Watsala mmodzi," anatero.

"Ndani?"

"Makutu."

"Makutu ali moyo? Ali kuti? Bwanji simunanene Lolemba lomwe lija?"

"Ndimafuna uyambe wayendako, uone kwanu." Anakung'untha siketi yonyowa. "Anakujambula Lolemba uja ndani? Amene unamuuza kuti azichapa nsalu uja? Anandiuza yekha."

Ndinakumbukira ndevu zotuwa zija. Kenako ndinati, "Anavala chipewa."

"Zaka makumi atatu wakhala akuvala chipewa. Ukuganiza kuti dzina lonyansa unali nalo wekha? Iwe unathawira kunja, mnzako anathawira m'chipewa."

Lachisanu tinafika pageti cha m'ma leveni, chifukwa basi inaima panjira kudikira kondakitala amene anatsika kukakangana ndi mlamu wake. Wojambula anali pamalo pake, chipewa chili m'khosi.

"Makutu," ndinatero.

"Bwana? Tikujambuleninso? Nsalu tachapa, bwana, taonani. Mpaka tasita."

"Makutu, ndine."

"Ndinu ndani, bwana? Ine nkhope ndimaona zambiri. Zina zimandipatsa moni, zina ayi."

"Ndinalakwitsa. Sindinakuzindikire."

"Palibe kanthu, bwana. Munthu amene sandidziwa ine, inenso ndimudziwa bwanji? N'kusamvana kwa maso basi."

Achemwali anagogoda pansi ndi ambulera. "A Makutu, musatichedwetse inu. Mukudziwa chimene chili pa theka linalo."

"Ndikuchidziwa, mayi. Dzenje lachiwiri lija ndinathandiza kukumba ndine, eni ake ali pa kompyuta." Anapachika kamera m'khosi bwinobwino. "Chifukwa cha inu ndipita pazenera. Koma ndineneretu, ine pamaso pa boma sindinama."

Mkulu wa mafailo m'jumbo uja analiponso pa benchi, pamalo omwe aja, ngati anagona pomwepo. Atationa anauza anzake kuti a 're' abwera. Anthu anatipatsa njira, osati chifukwa cha chifundo, koma chifukwa palibe amene ankafuna kuti zenera litsekedwe asanaone mathero ake. Wotchi ya pakhoma inkati kwatsala mphindi makumi awiri.

"Mboni ndi imeneyi?" anafunsa kalaliki. "Aa, ndi a zithunzi. Mwakhala m'dera muno zaka zingati, bambo?"

"Ofesi ino ndinaiona akuitsegula, mwana wanga. Ndinali pamzere wachiwiri."

"Bambo awa mukuwadziwa?"

Makutu anatenga pasipoti yanga, anaiyang'ana patali, anaiyang'ana pafupi.

"Pa poloti imeneyo panali mnyamata, zoona. Tinkakhala desiki imodzi. Koma dzina lalembedwa apali sindinalimvepo. Ife tinkamuitana lina. Ngati bwanawa ndi mnyamata uja, alitchule okha."

"Zili bwino," anatero kalaliki. "Mzere wake ulipo: dzina limene mumadziwika nalo m'dera muno. Dikirani nditenge failo ya polotiyo."

Anakwera pampando, anasolola failo pamwamba pa kabati, n'kuiponya pa tebulo. Failoyo inali isanatsegulidwe chimwalirire bambo. Anaiuzira kamodzi, ndipo fumbi la zaka zonsezo linapeza njira imodzi yokha yotulukira: kabowo ka zala zinayi kaja, pamene panali mphuno yanga.

Ndinayesa kudzigwira. Ndinaganiza za maliro, za msonkho, za nyengo yozizira ya kumene ndimakhala. Sizinathandize. Koyamba. Kachiwiri. Kachitatu, ndi kalikhweru kake, koonda, kotalika, kofika mpaka pa zenera loyamba.

Ndevu za Makutu zinanjenjemera. Anayang'ana kudenga, n'kuluma mlomo.

"Kuyetsemula amayetsemula aliyense," anatero ndi mawu otsamwa. "Dzina."

Ndinayang'ana achemwali. Sankaseka. Anali atagwira ambulera ndi manja onse awiri, ndipo kwa nthawi yoyamba chifikire ndinaona kuti akalambadi, kuti mawondo aja sanali nthabwala. Ndinayang'ana wotchi. Ndinawerama n'kuika milomo pakabowo.

"Mamina," ndinanong'ona.

"Pepani bambo, galasili ndi lokhuthala. Mwati Amina?"

"Mamina."

"Kwezani mawu, bambo, fani ikusokosa."

Faniyo sinazungulirepo chilowere ine mu ofesimo. Ndinaimirira mowongoka, monga anandiimikira aphunzitsi tsiku lija, mapazi pamodzi, chibwano m'mwamba, pamalo pafupifupi omwe aja.

"Mamina! Ndine Mamina, wa kuseri kwa pamene panali chigayo!"

Kenako mayi wina wa kumapeto kwa benchi anaomba m'manja kamodzi.

"Mamina wa riboni uja? Amayi anga ankatisimbira! Ife tinkayesa nthano yoopsezera ana kuti azimina!"

"Ndi ameneyu?" anatero mkulu wa jumbo, akuimirira kuti andione bwino. "Akuti chithovucho chinali ngati mpira."

"Ngati babu," ndinamukonza. Mbiri ikafuna kukhala, ikhale yoona.

Makutu anavula chipewa. Anali omwe aja, awiri, otambasuka ngati zitseko za basi, kungoti tsopano anamera tsitsi lotuwa m'mphepete. Anapukutira maso chipewacho.

"Lembani, mwana wanga. Ndi iyeyo. Dziko lonse lapansi kalikhweru kameneko kalipo kamodzi."

Kalaliki anafufuta bokosi lachiwiri, anachonga loyamba, analemba dzinalo ndi zilembo zazikulu, n'kutiuza kuti tikhale kaye pa benchi kuti akadinditse. Tinakhala atatu, ine pakati.

"Zaka makumi atatu ndi zitatu," anatero Makutu, osandiyang'ana. "Osanditumizira ngakhale kakhadi kokhala ndi chithunzi cha mlatho."

"Iwe unandiwonongera unyamata wonse ndi liwu limodzi."

"Ndipo liwu lomwelo lakuwombolera chimbudzi. Dzina la pa pasipotilo lakuchitira chiyani sabata yonseyi?"

Akale anati ukayenda uzisiya phazi, chifukwa ukasiya mlomo umakutsata. Za mphuno sananenepo kanthu. Ine ndinasiya mphuno, ndipo inandidikira mokhulupirika kuposa dambo, kuposa mitengo ya bulugamu, kuposa mtsikana wa makalata asanu ndi awiri.

Kutatsala mphindi zitatu, kalaliki anabwerera ndi pepala la chidindo chofiirira. Akanatha kungondikodola, popeza ndinali pamaso pake penipeni. Koma ofesi ili ndi kachitidwe kake, ndipo amaitana dzina la pa mzere womaliza.

"Bambo Mamina!"

Ndinaimirira. Chodabwitsa n'chakuti miyendo inaimirira yokha, mutu usanaganize, ngati galu wakale amene wamva likhweru la pakhomo pake.

Potuluka Makutu anandiimika pa nsalu yabuluu ija kuti andijambule chithunzi china, akuti chija cha Lolemba ndinaoneka ngati wobwera. Sananene kuti bwana ngakhale kamodzi. Anati, "Dzutsa chibwano, iwe. Ndipo upukute."

Titafika kunyumba achemwali anaika pepalalo m'chikwama cha pansi pa bedi, mmene muli zikalata za bambo. Ndinakhala pakhonde ndikudikira mawu othokoza, mwinanso misozi pang'ono, poti ndinali nditawoloka nyanja. Ndinamva akufufuza kukhitchini. Anatuluka atanyamula ndowa, burashi ya chigwiriro chachitali, ndi kiyi wamkuwa womangidwa pa kachingwe.

"Boma latsimikiza kuti theka lija ndi lako," anatero. "Zaka makumi atatu ndi zitatu ndakhala ndikukutsukira. Yambira kumakona, Mamina. Mpopi ndi wakonso, sufunika kupempha."